Chinatha nyama zikuluzikulu za nthawi ya madzi oundana nchiyani: nyengo, alenje, mliri kapena chimwala chakumwamba?

Zaka 50,000 zapitazo, pafupifupi dera lililonse la dziko lapansi linali ndi nyama zikuluzikulu zonga zomwe lero timakaona ku Liwonde kapena ku Luangwa, ndipo zina zinali zoposa pamenepo. Ku Siberia ndi ku Ulaya kunkayenda njovu zaubweya zotchedwa mammoth pamodzi ndi zipembere zaubweya. Ku North America kunali ngamila, akavalo, mikango, njovu zina zotchedwa mastodon, komanso Smilodon, chilombo cha mano awiri ataliatali otuluka m'kamwa. Ku South America kunali Megatherium, chinyama cholemera ngati njovu chomwe chinkaimirira ndi miyendo yakumbuyo pothyola masamba. Ku Australia kunali Diprotodon, yolera mwana m'thumba monga amachitira kangaroo, koma yolemera matani oposa awiri.

Pofika zaka 10,000 zapitazo zambiri mwa izi zinali zitatha psiti. North America inataya mitundu yoposa 30, South America yosachepera 50, ndipo Australia inatsala yopanda nyama yoyamwitsa yapamtunda iliyonse yolemera makilogalamu 100. Asayansi a ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark anawerengera mu 2024 kuti mwa mitundu 57 ya nyama zodya zomera zolemera tani imodzi kapena kuposa, yatsala 11 yokha. Yambiri mwa yotsalayo ndi njovu, zipembere, mvuu ndi nyamalikiti za kuno ku Africa ndi kumwera kwa Asia.

Mafotokozedwe omwe akatswiri akhala akukangana nawo ndi anayi, ndipo sali ofanana mphamvu. Kuti tiwayese bwino, lililonse liyenera kuyankha mafunso omwewo. Bwanji zinatha ndi zikuluzikulu, mbewa ndi akalulu nkutsala? Bwanji Australia inayamba kutaya zake zaka zoposa 40,000 zapitazo, America pafupifupi 13,000, koma zilumba zina posachedwapa? Nanga bwanji nthawi imeneyi, pamene nyamazo zinali zitapirira kale mavuto ena m'mbuyomo? Ndipo funso lomwe limatikhudza ife: Africa inapulumuka bwanji?

Kusintha kwa nyengo

Zaka pafupifupi 21,000 zapitazo kuzizira kunali pachimake. Madzi ambiri anali ataundana pamtunda moti nyanja zikuluzikulu zinatsika ndi mamita pafupifupi 120, ndipo munthu ankatha kuyenda pansi kuchokera ku Siberia kukafika ku Alaska. Kuyambira kumadzulo kwa Ulaya mpaka ku Yukon, ku Canada, kunali dambo limodzi lalikulu louma ndi lozizira, la udzu wabwino, lomwe linkadyetsa njovu zaubweya, akavalo ndi njati. Kenako zinthu zinasokonekera. Zaka 14,700 zapitazo kunatentha mwadzidzidzi, zaka 12,900 zapitazo kuzizira kunabwereranso m'nyengo yotchedwa Younger Dryas, ndipo zaka 11,700 zapitazo kunatenthanso. Msipu uja unasanduka zithaphwi, zitsamba ndi nkhalango zomwe masamba ake nyama zodya udzu sizingakhute nawo.

Umboni wa maganizo awa ndi weniweni. Dale Guthrie wa ku yunivesite ya Alaska anayeza mafupa a miyendo ya akavalo a kumeneko ndi kupeza kuti ankacheperachepera msinkhu asanathe, chizindikiro cha nyama zosowa chakudya chokwanira. Chipembere chaubweya nacho chikuloza ku nyengo. Anthu anali atafika kumpoto chakum'mawa kwa Siberia zaka pafupifupi 30,000 zapitazo, koma kafukufuku wa DNA wa mu 2020 anaonetsa kuti chiwerengero cha zipemberezo sichinagwe kwa zaka zikwi zambiri anthu alipo. Zinadzatha zaka pafupifupi 14,000 zapitazo, kutangotentha kumene.

Nkhani yomveka bwino kwambiri ndi ya kachilumba ka St Paul, m'nyanja ya Bering. Nyanja itakwera, njovu zaubweya zochepa zinatsekeredwa pamenepo ndipo zinakhalabe ndi moyo mpaka zaka 5,600 zapitazo. Munthu sanapondepo mpaka pamene amalinyero a ku Russia anafika m'zaka za m'ma 1780. Matope a pansi pa dziwe la pachilumbapo akuonetsa zomwe zinachitika: chilumba chinkachepa, madzi akumwa ankaphwa, njovuzo zinkaunjikana padziwe lotsalalo nkumapondaponda m'mphepete mwake, dothi nkumakokolokera m'madzi, dziwelo nkumakwiririka. Zinafa ndi ludzu, popanda mkondo ndi umodzi womwe.

Komabe nyengo payokha imakhumudwa pa funso lachitatu. M'zaka 2.6 miliyoni zapitazi madzi oundana akhala akubwera ndi kubwerera kambirimbiri. Zaka pafupifupi 125,000 zapitazo kunatentha kuposa lero, moti mvuu zinkasambira mumtsinje wa Thames pomwe pali London, koma njovu zaubweya zinapirira, zinangothawira kumpoto nkudzabweranso. Chinanso, ngati vuto linali kutentha, bwanji zinathera pamodzi nyama zokonda kuzizira ndi zokonda kotentha, za m'dambo ndi za m'nkhalango? Akavalo omwe akuti America sinalinso yowayenera anabwerera ndi anthu a ku Spain m'zaka za m'ma 1500, ena anathawira kutchire, ndipo anaswana mpaka kudzaza madambo.

Alenje

Paul Martin wa ku yunivesite ya Arizona ndiye anakweza mfundo iyi kuyambira mu 1967. Iye anaona kuti nyama zinkatha potsatira kumene munthu wafika kumene, osati potsatira nyengo. Mu 1973 anafotokoza kuti kagulu kochepa ka alenje kolowera ku Canada kakanatha kuchulukana ndi kufika kumapeto kwa South America m'zaka pafupifupi 1,000, kakupha nyama zomwe zinali zisanaonepo munthu ndipo sizinkadziwa kuti nkofunika kumuthawa.

Alenjewo analikodi. Anthu otchedwa Clovis, potengera tauni ya ku New Mexico komwe zida zawo zinapezeka m'zaka za m'ma 1930, anakhala ku North America zaka pafupifupi 13,000 zapitazo ndipo ankasema nsonga za mikondo zamiyala, zokhala ndi kangalande m'tsinde kuti zigwire bwino pamtengo. Ku Naco, ku Arizona, Emil Haury anafukula mu 1952 mafupa a njovu imodzi ya mtundu wa mammoth yokhala ndi nsonga 8 pakati pa mafupa ake. Pafupi pomwepo, ku Lehner, kunapezeka mafupa a njovu 13 pamodzi ndi zida ndi malo osonkhapo moto. Mu 2024 asayansi atayeza mafupa a mwana wa nthawi ya Clovis yemwe anaikidwa m'manda ku Anzick, ku Montana, anapeza kuti mayi yemwe ankamuyamwitsa ankadya kwambiri nyama ya njovu zimenezi.

Otsutsa Martin sanabwere chimanjamanja. Donald Grayson ndi David Meltzer anaunikanso malo 76 omwe ankanenedwa kuti anthu anapherapo nyama zomwe zinathazo, ndipo mu 2002 anapeza kuti ndi 14 okha omwe umboni wake ndi wokhutiritsa, onsewo a mammoth ndi mastodon. Pambuyo pake anawonjezerapo kavalo, ngamila ndi mtundu wina wa njovu, koma mitundu ina yoposa 30 ilibe malo ndi amodzi omwe osonyeza kuti munthu anaipha. Njati za ku America ndiye zimavuta kwambiri. Malo ophera njati ndi ambirimbiri. Ku Olsen-Chubbuck, ku Colorado, alenje anathamangitsira njati pafupifupi 200 m'chigwembe tsiku limodzi. Koma njati sizinathe, zinalipo mamiliyoni ambiri mpaka m'zaka za m'ma 1800. Ndiye nyama yomwe tili ndi umboni wochuluka kuti inkaphedwa ndi yomwe inapulumuka.

Palinso nkhani ya nthawi. Ku Monte Verde, ku Chile, anthu analiko zaka 14,500 zapitazo, Clovis asanayambe. Mapazi a anthu omwe anapezeka ku White Sands, ku New Mexico, ndi kulengezedwa mu 2021, anayezedwa kuti ndi a zaka 21,000 mpaka 23,000 zapitazo. Ngati zili choncho, anthu anakhala ndi nyamazi kwa zaka zikwi zambiri, ndipo chithunzi cha Martin cha kupha kwa liwiro la mphezi sichingaime momwe anachijambulira.

Pamenepa mpomwe ambiri amasiyira nkhaniyi, poganiza kuti alenje amasuka. Ine ndikuona kuti chagwa ndi liwiro lokha, osati mfundo yeniyeni. Kuti mtundu wa nyama uthe sipafunika kuipha yonse. Aliyense woweta ng'ombe amadziwa kuti ngati m'khola mubadwa ana a ng'ombe atatu pachaka inu nkumapha kapena kugulitsa zinayi, khola lidzatsala lopanda kanthu ngakhale palibe tsiku lomwe munapha zambiri. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, imayamba kubereka itapitirira zaka khumi, ndipo imabereka mwana mmodzi pakapita zaka zinayi kapena zisanu. Njati ya ku America imayamba kubereka ili ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo imatha kubereka chaka ndi chaka. Kusiyana kumeneku kukufotokoza chifukwa chake ina inatha, ina nkutsala. Chris Johnson wa ku Australia anaonetsa mu 2002 kuti chomwe chinkaika nyama pangozi chinali kuswana pang'onopang'ono, ndipo mwa zoswana pang'onopang'onozo zomwe zinapulumuka zinali makamaka zokhala m'mitengo, zoyenda usiku, za m'mapiri ataliatali ndi za m'nkhalango zowirira, komwe mlenje safikako msanga. Nyengo sisankha nyama mwa njira imeneyo. Kupha kwa pang'onopang'ono kotereku sikusiyanso milu ya mafupa yoti ofukula adzaipeze.

Umboni womwe umandikhutiritsa kuposa wonse ndi wa zilumba. Zinyama za mtundu wa Megatherium zinatha kumtunda kwa America zaka zoposa 10,000 zapitazo, koma abale ake a pazilumba za Cuba ndi Hispaniola anakhalabe mpaka zaka pafupifupi 5,000 zapitazo. Kusintha kwa nyengo kunafika pazilumbazo nthawi imodzi ndi kumtunda. Chomwe chinachedwa kufika ndi munthu, yemwe anawolokerako zaka pafupifupi 6,000 zapitazo. Pachilumba cha Wrangel, kumpoto kwa Siberia, komwe kunalibe anthu, njovu zaubweya zinafika mpaka zaka 4,000 zapitazo. Ku New Zealand anthu anafika cha m'ma 1300, ndipo pasanathe zaka 200 mitundu yonse 9 ya mbalame zikuluzikulu zosauluka zotchedwa moa inali itatha. Kumeneko mafupa ake ali mbwee m'malo omwe anthu ankawotchera nyama, ndipo palibe amene amatsutsa.

Ndinene pano kuti anthu ena a mafuko oyamba a ku America, monga mlembi Vine Deloria Jr., anadana ndi mfundo ya Martin poona kuti ikugwiritsidwa ntchito kunyoza makolo awo ngati owononga chilengedwe. Dandaulo limenelo ndi lomveka. Banja lomwe linkapha njovu imodzi kuti ana adye silikanadziwa kuti m'dziko lonselo njovu zikuchepa pang'onopang'ono m'mibadwo makumi angapo. Kufufuza chomwe chinachitika sikufuna kuti tipeze woti timudzudzule.

Mliri

Ross MacPhee ndi Preston Marx anapereka maganizo mu 1997 akuti anthu, kapena agalu awo, anabweretsa matenda oopsa omwe nyama za kumalo atsopano zinalibe chitetezo chake. Ubwino wa mfundoyi ndi woti ikufotokoza kusowa kwa malo ophera nyama. Vuto lake ndi loti kachilombo kameneko sikanapezeke m'mafupa alionse, ndipo palibe matenda odziwika omwe angaphe njovu, akavalo, ngamila ndi mikango pamodzi, mbewa nkuzisiya.

Mbiri ya kwathu kuno ikutithandiza kuyesa mfundoyi. Mliri wa ng'ombe wa rinderpest unalowa mu Africa kudzera ku Eritrea kumapeto kwa zaka za m'ma 1880, unatsika chakumwera ndi kuwoloka Zambezi mu 1896. Unapha ng'ombe pafupifupi 9 mwa 10 zilizonse m'madera ambiri, pamodzi ndi njati ndi nyama zina za ziboda zogawanika. Njovu, mbidzi ndi zipembere sunazikhudze, ndipo njati zinadzachulukanso. Mliri woopsa chotero sunathe mtundu ndi umodzi womwe.

Chimwala chakumwamba

Mu 2007 Richard Firestone ndi anzake analemba kuti nyenyezi yamchira inaphulika pamwamba pa North America zaka 12,900 zapitazo, nkuyatsa moto wolusa, nkubweretsa kuzizira kwa Younger Dryas ndi kupha nyama. Iyi ndi mfundo yomwe imafala kwambiri pa YouTube, koma ndi yofooka kuposa zonse. Asayansi ena atabwereza kuyeza dothi lomwelo, kangapo konse sanapeze zomwe oyambawo ananena. Chidzenje cha Hiawatha, chomwe chinapezeka pansi pa madzi oundana ku Greenland mu 2018 ndipo ena anachithamangira ngati umboni, chinayezedwa mu 2022 ndi kupezeka kuti ndi cha zaka 58 miliyoni. Ngakhale chimwalacho chikanagwadi, sichikanafotokoza za Australia, komwe nyama zinali zitatha zaka pafupifupi 30,000 m'mbuyomo, kapena za Cuba, komwe zinakhalabe zaka zikwi zambiri pambuyo pake.

Zomwe ndowe ndi makala zikuulula

Mkangano wa nyengo ndi alenje unakhala nthawi yaitali osasuntha chifukwa ku America zonse ziwiri zinachitika pafupifupi nthawi imodzi. Chomwe chinathandiza kulekanitsa ndi chinthu chonyozeka. Pali mtundu wa chuku wotchedwa Sporormiella womwe umamera pa ndowe za nyama zodya udzu. Timbewu take timakokolokera m'madziwe ndi kukhazikika m'matope chaka ndi chaka, pamodzi ndi mungu wa mitengo ndi timakala ta moto wa m'tchire. Wofufuza akaboola matopewo ndi chitoliro nkutulutsa mzati wautali, amatha kuwerenga chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira.

Jacquelyn Gill ndi anzake anachita zimenezi padziwe la Appleman, ku Indiana, ndi kufalitsa zotsatira mu 2009. Timbewu ta pa ndowe tinayamba kuchepa zaka 14,800 zapitazo ndipo pofika 13,700 tinali titagweratu. Kusintha kwa mitengo ndi kuchuluka kwa moto kunabwera pambuyo. Choncho nyama sizinathe chifukwa nkhalango inasintha, koma nkhalango inasintha nyama zitachepa, ndipo zonsezi zinachitika Younger Dryas ndi chimwala chonenedwa chija zisanafike. Ku Lynch's Crater, ku Queensland m'dziko la Australia, dongosolo linali lomwelo zaka pafupifupi 41,000 zapitazo, nthawi yomwe nyengo kumeneko sinasinthe kwambiri: timbewu ta pa ndowe tinagwa, makala anachuluka, kenako nkhalango inasintha.

Izi zikugwirizana ndi zomwe Norman Owen-Smith wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg ananena mu 1987, atakhala zaka zambiri akuphunzira zipembere ndi njovu za ku Africa. Nyama zikuluzikulu ndi zomwe zimatsegula tchire. Zimagwetsa mitengo, zimadya udzu womwe ukanauma nkuyaka, zimakumba madzi, zimamwaza mbewu. Zikachoka, nyama zocheperapo zimataya msipu, ndipo zilombo zomwe zinkadya zonsezi zimatsatira. Alenje sanafunikire kupha ngamila iliyonse kapena Smilodon aliyense.

Malo awiri akuonetsa bwino momwe munthu ndi nyengo zinagwirira ntchito limodzi. Ku Patagonia, kumwera kwenikweni kwa South America, anthu anakhala ndi nyama zikuluzikulu kwa zaka zoposa 1,000 kukuzizira, popanda mtundu wotha. Kutayamba kutentha kumeneko, zaka pafupifupi 12,300 zapitazo, nyamazo zinagwa m'kanthawi kochepa, pamene kutentha kwina kwa m'mbuyomo, anthu asanafike, sikunaziphe. Ku La Brea, mkati mwa mzinda wa Los Angeles, kuli maenje a phula momwe nyama zinkatitimira, ndipo mwatuluka mafupa a mimbulu ikuluikulu yoposa 4,000. Kafukufuku wa mu 2023 anapeza kuti mitundu 7 ya nyama zikuluzikulu inasowa kumeneko pofika zaka 12,900 zapitazo, nthawi ya chilala ndi kutentha, anthu akuchuluka, moto wa m'tchire utakwera koposa kale lonse.

Poona zonsezi, ine ndimaika munthu patsogolo, nyengo pambuyo pake ngati yomwe inkasankha malo ndi nthawi, ndipo mliri ndi chimwala ndimazisiya kunja kufikira patapezeka umboni. Chipembere chaubweya ndi njovu za ku St Paul ndimazipereka ku nyengo mosakayika.

Nanga Africa?

Yankho la Martin linali lakuti kuno nyama zinakulira limodzi ndi munthu. Makolo athu anayamba kusema miyala ndi kudya nyama zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo, luso lawo losaka likukula pang'onopang'ono, ndipo nyama nazo zinali ndi nthawi yophunzira kuthawa, kubisala ndi kulusa. Mapu akugwirizana nazo. Africa inataya zochepa. Ulaya ndi kumpoto kwa Asia, komwe anthu akale monga a Neanderthal anakhalako zaka zikwi mazana angapo, zinataya zochulukirapo koma pang'onopang'ono. America ndi Australia, komwe munthu anafika ali kale ndi mikondo, moto ndi nzeru zosakira pagulu, zinataya pafupifupi zonse.

Ku Karonga kuli umboni wa kukhalira limodzi kumeneku. Matope omwe anaboola pansi pa nyanja ya Malawi mu 2005 anaonetsa kuti zaka zoposa 90,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti nyanjayi inatsika ndi mamita mazana angapo. Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake anafalitsa mu 2021 kuti mvula itabwerera, zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, nkhalango sizinabwerere monga zinkachitira kale, makala anachuluka m'matopewo, ndipo m'mphepete mwa nyanja munadzaza zida zamiyala. Iwo akuona kuti anthu ankatentha tchire. Ndiye kuti chilala choopsa chinaliko, munthu wa moto analiko, koma njovu, mvuu ndi zipembere zinapitirira. Ku Karonga komweko, pamudzi wa Mwanganda, J. Desmond Clark ndi Vance Haynes, yemwenso anafukula malo a Clovis ku Arizona, anapeza m'zaka za m'ma 1960 mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala ndipo anati ndi malo osendera nyama. Ofufuza omwe anabwererako zaka za posachedwapa anakayikira ngati mafupawo ndi zidazo zinasiyidwa nthawi imodzi, vuto lomwelo lomwe Grayson ndi Meltzer anapeza pa malo ambiri a ku America.

Africa nayo inataya zake. Kunali njati ya nyanga zotambalala pafupifupi mamita atatu, nyumbu yaikulu yotchedwa Megalotragus, ndi mbidzi yaikulu ya ku Cape. Tyler Faith ataunika mitundu imeneyi mu 2014 anapeza kuti yambiri inali yodya udzu wa m'madambo ouma, ndipo inatha pamene madambowo ankachepa kapena kusintha. Zoswana pang'onopang'ono, zomwe ku America ndi ku Australia zinali zoyamba kugwa, kuno ndi zomwe zinatsala. Choncho kuno, komwe munthu sanali mlendo, nyengo ndi yomwe ikufotokoza bwino zochepa zomwe zinathazo.